NyaMhango wa M'kabotolo

Anthu a kumpingo kwathu amandidziwa kuti ndine munthu wosafulumira. Pa msonkhano wa akulu a mpingo ndimayankhula komalizira, ndipo nthawi zina msonkhano umatha ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Malemu mkazi wanga, NyaGondwe, ankanena kuti nyumba itayamba kupsa, ine ndingayambe ndafunsa kuti motowo wayambira chipinda chiti. Koma pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito mu labu pali tsiku limodzi limene ndinafulumira, ndipo mpaka lero anthu akundikumbutsabe. Ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha, chifukwa mmene ena akuikambira nkhaniyi masiku ano mwalowa njovu ziwiri, pamene ine sindinaone njovu ngakhale imodzi.

Ndinkagwira ntchito pa chipatala china chaching'ono cha mishoni m'boma la Rumphi. Kwathu ndi ku Dedza, koma ndinabwera kuno ndili mnyamata, n'kukwatira konkuno, ndipo Chitumbuka changa mpaka pano chimaseketsa ana. Ntchito yanga inali kuyeza magazi, makhololo, ndi zina zimene sitizitchula anthu akamadya.

Mwina simudziwa kuti woyeza nayenso amayezedwa. Kangapo pa chaka kunkabwera kabokosi kochokera kutali, muli timabotolo ta magazi. Otumizawo amakhala akudziwa kale yankho la kabotolo kalikonse. Ife tiyeze, tilembe zimene tapeza, titumize, iwo achonge ngati aphunzitsi. Cholinga n'choti aone ngati maso athu, manja athu ndi makina athu akunena zoona, chifukwa makina akayamba kunama sachita manyazi, ndipo wovutika ndi wodwala. Lamulo lake ndi limodzi: magazi a mayeso uwayeze monga umayezera a wodwala wina aliyense. Osawachitira ulemu wapadera.

Lamulo limeneli ndi limene linkandigonjetsa. Kabokosi kakafika ndinkakalandira ngati mlendo wochokera ku sinodi. Ndinkachapa gawuni, kupukuta tebulo kawiri, kutseka chitseko, kuyeza kabotolo kalikonse katatu, kenako n'kukhala sabata yathunthu ndikuganizira ndisanalembe yankho. (Ndivomerenso kuti kamodzi ndinaimbira mnzanga wa labu ina kumufunsa kuti iye wapeza zotani. Ndinalapa.)

Amene anandigwira ndi Mayi Kachingwe, woyang'anira malabu a chigawo chathu, mayi wamfupi wa ku Zomba, woseka pang'ono koma woona zambiri. Atabwera kudzatiyendera anatsegula buku langa n'kuona kuti timabotolo tinayi tadya mankhwala okwanira mzere wonse wa odwala. Anatseka bukulo mwakachetechete.

"Bambo, mayankho anu ndi olondola, koma sakundiuza kanthu," anatero. "Ine ndikufuna kudziwa mmene mumayezera Lachiwiri m'mawa, pakhomo pali mzere, mwana akulira, inu simunamwe tiyi."

Anandiuza kuti mayeso amenewo sawawerengera. Ena abwera, koma osati m'kabokosi. Adzabwera atavala ngati wodwala, ali ndi dzina ndi fomu, ndipo sindidzadziwa tsiku lake. Ndikadzalakwitsa kapena kuchedwetsa yankho, ntchito yoyeza magazi oika odwala idzaimitsidwa pa chipatala chathu mpaka ndikaphunzirenso. Tanthauzo lake linali loti mayi wotaya magazi pobereka azikwezedwa ambulansi mpaka ku boma, pa msewu wathu uja umene nthawi yamvula umasanduka phala. Sanakweze mawu, koma ndinamva.

Kwa milungu itatu ndinkakayikira aliyense. Fomu iliyonse ndinkaitembenuza ngati ndikugula nsalu. Tsiku lina kunabwera fomu yolembedwa mowerengeka bwino, chinthu chachilendo pa chipatala, ndipo ndinati basi, ndi imeneyi. Ndinatuluka kukaona ngati mwini wake alipodi, n'kupeza ndi abusa athu, atakhala pa benchi, akunjenjemera ndi malungo enieni. Ndinawagwira paphewa kuti nditsimikize. Iwo anayesa ndikuwapempherera, natseka maso. Zitatero ndinatopa nako kukayikira, ndinapereka nkhaniyo m'manja mwa Mulungu, ndipo patapita mwezi wina ndinaiiwaliratu.

Ndiye kunafika Lachinayi lina m'nyengo yamvula. Pakhomo panali mzere, mwana ankalira, tiyi ndinali ndisanamwe. (Inu mwaona kale kumene nkhaniyi ikupita. Ine sindinaone.) Pakati pa timabotolo ta m'mawa umenewo panali kena kokhala ndi fomu yochokera ku kachipatala kena ka cha ku Kazuni. Dzina, Tamara Mhango. Zaka, makumi awiri ndi zinayi. Woyembekezera, miyezi isanu ndi itatu, akumva chizungulire. Ndinayeza kamodzi monga mwa masiku onse, n'kuyang'ana pa kamakina. Magazi anali ochepa kwambiri, ochepa moti munthu wotero sayenera kuyenda yekha kupita kuchimbudzi. Ndinayeza gulu la magazi ake, n'kutsegula firiji. Munalibe ngakhale thumba limodzi lomuyenera.

Pano ndinene chinthu chimodzi kuti mundimvetse. NyaGondwe anatisiya pa tsiku limene magazi anafika mochedwa. Sindinadandaulirepo munthu pa zimenezo, ndipo sindiyamba lero. Koma kuyambira pamenepo, ndikaona yankho lotere miyendo imadzuka mutu usanavomere.

Ndinalemba yankho ndi nthawi yake m'buku, n'kuthamangira ku wodi ya amayi. Anamwino anati kulibe munthu wa dzina limenelo. Ndinapita ku khonde la oyembekezera, kulibe. Ndinapita ku ofesi ya mkulu wa chipatala, n'kupeza watseka, wapita ku boma ndi ambulansi. Masiku amenewo mafoni a m'manja anali atangofika kumene, ndipo kwathu ankagwira pa chulu chimodzi chokha kuseri kwa khitchini. Ndinakwera chulucho, munthu wamkulu, gawuni ikuuluka, foni ili m'mwamba ngati ndikupereka nsembe. Ya mkulu wa chipatala inali yozimitsa. Ya ku kachipatala kaja sinkalowa.

Ndikutsika pa chulu ndinakumana ndi amayi a mumpingo, amene Lachinayi lililonse amabwera kudzacheza ndi odwala ndi kuwaimbira nyimbo. Apa ndi pamene ndinachimwa tchimo lenileni la tsikulo. Dzina la wodwala sitilitulutsa kunja kwa chipatala, ndipo lamulo limeneli ndinkaliphunzitsa ena. Koma ndinayandikira wapampando wawo, NyaKumwenda, n'kumufunsa monong'ona ngati akumudziwa Tamara Mhango wa cha ku Kazuni, woyembekezera, chifukwa akufunika magazi msanga.

NyaKumwenda sadziwa kunong'ona. Anatembenuka n'kufunsa gulu lonse. Mayi wina anati ameneyo ndi mpongozi wa msuweni wake. Wina anati anamuona ku chigayo sabata yapitayo, wotuwa ngati phulusa, ndipo anadziwiratu kuti sali bwino. Wachitatu anati mwamuna wake ali ku Joni ndipo satumiza kalikonse. M'mphindi zisanu, munthu amene ndinkangomudziwa dzina anapeza mwamuna, apongozi, ana awiri, ndi mbiri yokana kudya masamba.

"Adada, inu pitani mukamutenge," anatero NyaKumwenda, akumanga chitenje molimba. "Za magazi tisiyireni ise."

Ndinasiya labu m'manja mwa mnzanga wantchito, Bambo Chirwa, n'kumuuza kuti aliyense wobwera kudzapereka magazi amuyeze gulu. Kenako ndinapita kwa Bambo Msiska, mkulu wa mpingo mnzanga, mlangizi wa zaulimi wopuma ntchito, amene ali ndi njinga yamoto yakale kuposa mwana wake woyamba. Sanafunse zambiri. Anavala chipewa chake cholimba, chimene chinali chimodzi chokha, n'kundiuza kuti mutu wanga ausunga Mulungu.

Ine ndinali ndisanakwerepo njinga yamoto mtunda wautali. Ndinamugwira Msiska m'chiuno mwamphamvu moti anandipempha kuti ndimusiyireko malo opumira. Iye amaimba besi mu kwaya, ndipo ali ndi chizolowezi choimba akamayendetsa, mawu akumakwera pamene msewu ukuipa. Pa kamtsinje kena nyimbo inakwera kwambiri, njinga inatsetsereka, ndipo tonse atatu tinagona m'matope, ine, Msiska ndi njinga. Palibe anavulala. Fomu ndinaikweza m'mwamba, sinanyowe. Koma gawuni yanga yoyera inasanduka yofiira kuyambira paphewa mpaka m'mawondo.

Titafika ku kachipatala kaja, wachipatala wa kumeneko anatsegula buku lake, n'kuyendetsa chala tsamba ndi tsamba. Dzinalo munalibe. Anawonjezera kuti sabata imeneyo sanatumize magazi a munthu aliyense. Apa munthu wanzeru akanaima, n'kukhala pansi, n'kuganiza. Ine ndinaganiza kuti mwina anaiwala kulemba, ndipo ndinamukhululukira mumtima, poti tonse timaiwala.

Tinalowa m'midzi. Pa nyumba yoyamba ndinapereka moni, n'kuyamba kufotokoza za magazi, ndipo ndinaona bambo wa panyumbapo akuyang'ana gawuni yanga yofiira, kenako akuyang'ana khasu lake. Msiska anandikokera pambali n'kundiuza kuti kumudzi munthu wachilendo safika pa njinga yamoto, chovala chili psuu, n'kumafunsa za magazi a mkazi wa mwini. Anandivula gawuniyo n'kuipinda, ndipo kuyambira pamenepo woyankhula anali iye.

Vuto linali loti kumeneko mkazi satchulidwa dzina loyamba. Ukafunsa Tamara, anthu amayang'anana. Ukafunsa NyaMhango, aliyense amaloza mbali yake. Anatiperekeza kwa NyaMhango wina amene anali ndi khanda kumsana. Anatiperekeza kwa wina, mphunzitsi, amene anatifunsa kuti tatumidwa ndi ndani ndipo kalata yathu ili kuti. Wachitatu anali atapita ku Mzuzu chaka chatha. Pomaliza munthu wina anakumbukira kuti pa ubatizo, kalekale, NyaMhango wa kumapeto kwa mudzi anapatsidwa dzina loti Tamara.

Tinamupeza m'chigafa akusoka fodya. Anali gogo wa imvi mutu wonse, mano owerengeka, koma mikono yolimba ngati ya munthu wosula makasu. Anavomera kuti Tamara Mhango ndi iye, ndipo m'dera lonselo palibenso wina. Msiska anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana fomu. Ndipo poti ndinali nditayenda ulendo wonsewo, pakamwa panga panafunsa funso limene mutu unali utalikana kale.

"Amama, pepani chomene. Kodi ndinu oyembekezera?"

Gogoyo anaika singano pansi. Anandiyang'ana kuyambira kumatope a kunsapato mpaka kumatope a m'khutu. Kenako anaseka mpaka kutsamira mzati, n'kuitana mwamuna wake amene anali kuseri.

"Adada Nyirenda, bwerani mudzamve zimene mwachita!"

Mkuluyo anabwera ndi ndodo yake, n'kumvetsera nkhani yonse mwaulemu, akugwedeza mutu. Atamva anati, "Adokotala, ngati makina anu atero, ine sinditsutsa. Koma mundilembere kalata, ndikawaonetse anzanga ku bawo."

Gogo uja anakoka chikope chake kuti ndione mmene m'diso mwake munaliri mofiira, n'kundifunsa ngati munthu wopanda magazi angasoke fodya wa chigafa chonse. Anatiyalira mphasa, natiotchera chimanga. Ndili pa mphasapo, chimanga m'dzanja, ndinayang'ananso fomu ija, ulendo uno mwa chizolowezi changa chakale, pang'onopang'ono. Malo onse anali odzazidwa. Tsiku linalipo, nthawi inalipo, zaka zinalipo, ngakhale mzere wa pansi umene aliyense amaudumpha. Pa zaka zanga zonse, fomu yodzazidwa bwino chotero inali isanachokerepo ku kachipatala kalikonse. Apa m'pamene ndinazindikira.

Ndinamufotokozera Msiska za Mayi Kachingwe ndi mayeso ovala ngati wodwala. Anafunsa kuti, "Ndiye kuti tagwa m'matope chifukwa cha kabotolo?" Nditavomera, anagona chagada pa mphasa ya eni ake n'kuseka ndi besi yake yonse, nkhuku zikuthawa.

Pobwerera ndinkaganiza za labu yanga. Ndinasiya ntchito tsiku lathunthu, ndinatulutsa dzina, ndinasokoneza mpingo. Ndinkaona kale ambulansi ikutitimira m'matope ndi mayi weniweni mkatimo, chifukwa cha ine.

Tinafika dzuwa litapendeka. Khonde la labu linali lodzaza. Panali azibambo a kwaya, aphunzitsi awiri, wogulitsa mu golosale, ndi amayi aja akuimba nyimbo yopempherera odwala, dzina la NyaMhango akuliika pakati pa mavesi. Chirwa anali thukuta lokhalokha, atayeza gulu la magazi la theka la mpingo. Ambulansi inali itabwera. Ndipo mkati, pa mpando wanga, panali Mayi Kachingwe, buku langa lili pamiyendo. Pambali pawo panaima mkulu wa chipatala, amene m'mawa uja ndiye anasakaniza kabotolo kaja ndi tinzake asanapite ku boma kukawatenga mayiwo. Ankayang'ana kudenga, akubisa kuseka.

"Wodwala wanu ali bwanji, bambo?" anafunsa Mayi Kachingwe.

"Ali ndi mphamvu, mayi. Akusoka fodya."

Anandifunsa kuti ndinayeza kangati. Ndinati kamodzi. Anafunsa ngati ndinachapa gawuni ndisanayeze, akuyang'ana chinthu chofiira chimene ndinachipanira m'khwapa. Ndinati ayi. Anafunsa ngati ndinaimbira mnzanga wa labu ina. Ndinati ndinaimbira anthu awiri ndili pa chulu, koma osati pofuna yankho. Kenako anatulutsa envelopu m'chikwama, n'kuika pepala lake pambali pa buku langa. Kuchuluka kwa magazi kunagwirizana. Gulu linagwirizana. Nthawi imene ndinalemba inaonetsa kuti yankho linatuluka ola lisanathe.

"Izi ndi zimene ndinkafuna kuona," anatero. "Ntchito ya magazi ikhala pompano."

Ndinafuna kukhala pansi, koma mpando wanga unali ndi mwini. Ndipo anali asanamalize. Anatsitsa mawu kuti a pakhonde asamve, n'kundiuza kuti Tamara Mhango akanakhala munthu weniweni, pofika madzulo amenewo msika wonse ukanadziwa za mimba yake ndi za mwamuna wake wa ku Joni. Anati dzinalo analipeka yekha ali mu ofesi, posankha dzina lofala kuti lisaoneke lachilendo, ndipo sanaganizepo kuti wina angakwere njinga kukalifunafuna. Mawu a dzinawo anandilasa, chifukwa anali oona. Ndinapepesa, ndipo ndinapepesa kuchokera pansi pa mtima.

Chotsala chinali kuuza anthu a pakhonde. Mkulu wa chipatala anati poti ndinawaitana ndine, ndiwabalalitsenso ndine. Ndinaima pakhomo, matope akuuma pa thalauza, n'kufotokoza m'Chitumbuka changa chopunduka kuti NyaMhango kulibe, kuti magaziwo anali mayeso oyeza ineyo, ndipo ndakhoza. Mayi wa ku chigayo uja ndiye anayamba kuyankhula. Anati zimenezo za mayeso iye sakuzidziwa, koma mtsikanayo anamuona ndi maso ake, wotuwa ngati phulusa. (Mpaka lero sanasinthe mawu.)

Kuseka kutatha, ndipo kunatenga nthawi, NyaKumwenda anaimirira. Anati iwo achoka kunyumba, asiya ntchito, aimba mpaka mawu kusasa, ndipo sabwerera kwawo ndi magazi amene anawapereka kale mumtima. Kaya NyaMhango alipo kaya kulibe, wina adzabwera. Anapinda dzanja la bulauzi n'kukhala pa benchi poyamba. Amene anapezeka oyenera anapereka, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito yanga ndinatseka firiji ili yodzaza. Msiska anapereka nawo, akuti kuti kugwa kwake kusapite pachabe.

Tsopano ndinapuma ntchito. Phunziro la dzina ndinaliphunzira bwino, moti lero mutandifunsa amene ndinamuyeza malungo zaka zapitazo, ngakhale abusa aja, ndikuuzani kuti sindikukumbukira. (Apa ndaona kuti ndawatchula kale. Anandilola.) Phunziro linalo, loti kabotolo ka mayeso kalibe mwini, silinalowe kwenikweni. Mabokosi a mayeso anapitiriza kubwera, olembedwa poyera kuti ndi mayeso, ndipo ndinkayeza kamodzi monga mwa lamulo. Koma ndikapeza magazi ochepa, ndinkapezeka ndikumupempherera mwini wake chamumtima. Nditaulula zimenezi kwa Mayi Kachingwe, anati lamulo silikaniza, bola ndisakwere njinga.

Gogo wa ku Kazuni uja, nthawi yonse imene anali moyo, ankanditumizira mtedza chaka ndi chaka pamodzi ndi uthenga woti mwana sanabadwebe. Amayi a mumpingo akandiona Lamulungu amafunsabe m'Chitumbuka kuti NyaMhango wanga ali uli, ndipo ndimayankha kuti ali makora, ali bwino ndithu, yewo. Sindikwiya. Chimene chimandisowa ndi munthu mmodzi yekha woti aseke nawo. NyaGondwe anandidikira zaka zonse zija kuti ndimange zingwe za nsapato, ndipo ndikudziwa zimene akananena: kuti tsiku lokhalo limene mwamuna wake anathamanga, anathamangira mkazi wina, ndipo mkaziyo n'kukhala woti kulibe.